Anati Ndinadula Mwana Wanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, achinyamata, abale ndi alongo nonse, ndikukupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Mtendere ukhale nanu.

Ine ndine Gelesomu Mbewe. Ndinabadwira kwa Zingalume, ndinakwatira ku Zemba, ndipo ndikukhala komweko mpaka lero. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti sindine munthu wa mawu ambiri. Abusa atandipempha kuti ndiime pano, poyamba ndinakana. Koma mwaona tenti ija yamangidwa panja. Mwaona anamwino abwera kudzalandira magazi. Ndipo ndamva ena mukufunsana kuti bungwe limeneli lothandiza odwala khansa ya m'magazi linachokera kuti. Ena akuti ndi la azungu. Ena akuti ndi la boma. Ayi, abale anga. Muzu wake umodzi uli kwathu konkuno, m'munda wa mtedza ku Zemba. Ndiye ndati ndikuuzeni zimene ndinaziona ndi maso angawa.

Ndiyambe ndi masiku abwino, pakuti analipo.

Nditamaliza sekondale, ntchito ya muofesi sinapezeke. Sindinadandaule. Ndinagwira khasu. Ndinakwatira Esinati, mwana wa kwa aPhiri, amene akhala apo pa mzere wa amayi. Monga mwa mwambo wathu, ndinapita chikamwini. Anandilozera pomanga nyumba, anandilozera munda. Mwini mbumba pamudzipo anali alamu anga aLazaro, alongo ake a mkazi wanga. Iwo sanali a mpingo, anali a gule. Munthu wamtali, wa mawu aakulu, woseka ndi thupi lonse. Sankanditchula dzina. Ankangoti aSekondale. Ndikalima mzere wokhota ankaima pamutu pa munda n'kufunsa ngati ndi mmene anatiphunzitsira kusukulu. Tinkakondana.

Mulungu anatipatsa mwana woyamba, wamkazi. Tinamutcha Tamala. Pambuyo pake anabwera anyamata awiri, koma Tamala ndiye anali mwana wa atate. Kumene ndapita, iye ali m'mbuyo. Ndikamanga ng'ombe pangolo, wakwera kale. Ng'ombe zinkamvera mawu ake kuposa anga. Popita kuchigayo ankakhala pakaliyala ya njinga, pamwamba pa thumba, akuimba nyimbo za kwaya njira yonse. Mawu ake ankasokoneza, koma sankalola kuti ndimukonze.

Ndimakumbukira masika a zaka zimenezo. Mtedza wayanikidwa pabwalo. Thonje laphulika m'minda, mbee. Ana akuwotcha mbatata m'zibuma. Madzulo dzuwa lisanalowe tinkakhala pakhonde kutongola mtedza, ndipo Tamala ankatongola pang'ono, kudya kwambiri, kenako n'kugona pamiyendo panga. Amayi ake ankamudzudzula kuti mtsikana wa Giredi 4 sakhala pamiyendo pa atate ake. Iye ankangotseka maso ngati wagona kale. Ine ndinkati musiyeni, adzakula yekha.

Abale, munthu sadziwa kuti ali m'masiku abwino pamene ali m'menemo.

Chaka china tinakolola mtedza wambiri. Ndinaona kuti ndi bwino ndizikagulitsa ndekha ku Chipata. Ndinkakwera minibasi paboma pano, ndipo katundu akapanda kutha ndinkagona kwa msuweni wanga, n'kubwerako mawa lake. Ndinatero maulendo angapo. Gwirani pamenepa, chifukwa nkhani yonse inachokera pamenepa.

Tamala anayamba kutopa. Mwana wothamanga uja ankakhala pansi panjira pochokera kusukulu. Thupi linkatentha. Tinati malungo. Anamwa mankhwala, anapezako bwino, kenako anayambiranso. Kamfuno anayamba kumuvuta, magazi osafuna kuleka. Akatsuka mano, nkhama zinkatuluka magazi. M'miyendo munatuluka mawanga akuda ngati wina wamumenya. Zikhatho zinayera. Mimba inatupa, nkhope inatupa.

Namwino wa paboma pano anamuyang'ana m'maso, anamuyang'ana m'kamwa, ndipo anandiitanira pambali. Anati awa si malungo okha, pitani naye ku Chipata msanga, mwina akakutumizani ku Lusaka.

Ndinabwerera ku Zemba kukakonzeka. Ndinapeza akuluakulu akambirana kale. Anati ndi mdulo.

Achinyamata, mwina ena simuudziwa mdulo. Makolo ankati bambo akagona ndi mkazi wina kunja, n'kubwera kunyumba ali wotentha, n'kunyamula mwana kapena kudya naye chakudya chothira mchere, amamudula mwanayo. Mwana amatupa, amatuluka magazi, amafota. Ndipo mankhwala ake sagwira ntchito mpaka wolakwayo ataulula. Taonani tsono. Kutupa kunalipo. Magazi analipo. Ndipo pamudzi ponse munthu amene ankagona kunja anali mmodzi. Ine.

Sindinaime pano kuti ndinyoze makolo. Anthu amenewo ankamukonda Tamala. Anaona zizindikiro, anazitcha dzina limene ankalidziwa.

ALazaro anandiitana. Tsiku limenelo sanati aSekondale. Anati, “Alamu, mwana uyu ndi wa mbumba yanga. Sachoka pamudzi pano mpaka mutanena zoona.”

Ndinawauza kuti sindinadziwepo mkazi wina. Ndinawauza mawu a namwino. Ndinawafotokozera za magazi monga ndinaphunzirira kusukulu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti sukulu yanga ikhale kaye pambali, iwo akufuna mwana wa mlongo wawo akhale ndi moyo. Polankhula choncho misozi inali m'maso mwawo. Munthu wolira ungatsutsane naye bwanji?

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinangomutenga mwana n'kupita. Amene munakhalapo akamwini mukudziwa. Ngolo situluka pamudzi anthu osaiona. Ndipo Esinati sakanapita popanda mawu a alongo ake. Anali pakati. Akayang'ana ine, akayang'ana mwana, ankangolira.

Masiku ankapita. Mwana ankafooka. Ine ndikukana, iwo akudikira. Potsiriza aLazaro anati, “Ululani, timumwetse mankhwala. Akapanda kuchira, ndidzamanga ng'ombe zanga ndekha, mupite naye kumene mukufuna.”

Ndinaganiza. Ndinaika dzina langa mbali iyi, ndinaika mwana wanga mbali iyo. Dzina linapepuka.

Mmawa wake tinakhala kuseri kwa nyumba ya apongozi, pafupi ndi nkhokwe. Panali apongozi, aLazaro, amayi awiri achikulire, ndi Esinati. Ndinati ndinachimwa ndi mkazi wina ku Chipata. Anafunsa dzina lake. Ndinati sindilidziwa, pakuti sindinafune kudetsa mwana wa munthu. Amayi achikulire aja anawomba m'manja pang'onopang'ono, akuti nkhani yatuluka, mwana achira.  Esinati anaimirira, anamanganso chitenje chake, anachoka. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kunditchula bambo a Tamala. Ankangoti inu.

Anaphika phala la mankhwala. Anandiuza kuti ndithire mchere ndi dzanja langa, ndimumwetse mwana. Ndinamukhazika pamiyendo panga, ndinamumwetsa. Sindinadziwe kuti padzapita miyezi ndisanamugwirenso.

Sanachire. Kamfuno anabweranso, woposa kale. Akuluakulu anati mankhwala akana chifukwa sindinaulule zonse, alipo mkazi wina amene ndamubisa, ndikadali wotentha. ALazaro anasunga mawu awo, anamanga ng'ombe zawo. Koma anaika lamulo pamaso pa anthu: ndipite nawo monga mwamuna wodziwa njira ndi Chingerezi, koma ndisamukhudze mwana, ndisakhudze chakudya chake, ndisakhudze ngakhale bulangeti lake. Ndinavomera. Ndikanavomera chilichonse.

Nkhani inafikanso ku mpingo. Anandiika pa chilango. Analondola, pakuti ndinali nditaulula ndi pakamwa panga.

Tinapita. Ngolo mpaka paboma, minibasi mpaka ku Chipata. Kumeneko anamuthira magazi, n'kutitumiza ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Esinati ankamubereka kumsana mwana wamkulu choncho, miyendo ikulendewera mpaka m'maondo. Ine ndikuyenda m'mbuyo ndi chikwama.

M'basi ndinayesa kulankhula naye. Ndinati, amake Tamala, zija ndinanena kuseri kwa nkhokwe ndinanama, ndinkangofuna atilole kupita. Anayang'ana pawindo. Kenako anati, “Ndiye munanama liti, tsiku lija kapena lero? Pakamwa ndi pomwepo.”



Titayandikira mlatho wa Luangwa, Tamala anadzuka. Anali ataphunzira za mtsinjewo kusukulu. Anati, atate, ndinyamuleni ndione madzi. Ndinayamba kutambasula manja. Maso a amayi ake anakumana ndi anga. Ndinabweza manja. Ndinati amayi ako akunyamula, ine msana ukundiwawa. Pomwe Esinati ankamunyamula, basi inali itawoloka kale. Anangoona mitengo.

Ku Lusaka anamuyeza, anatenga timadzi ta m'fupa. Dokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anatikhazika pansi. Anati magazi a munthu amapangidwa m'kati mwa mafupa, ndipo mwa Tamala mopangira magazimo mwasokonekera. Anati dzina lake ndi khansa ya m'magazi. Ndinamufunsa mwadala, Esinati akumva, ngati pali munthu amene wamupatsa mwanayu matendawa. Anati palibe. Si mlandu wa atate, si mlandu wa amayi. Anatinso chifukwa chenicheni chimene amayambira mwa mwana uyu osati uyo, madokotala akufufuzabe. Ndipo ananena mosabisa kuti tafika mochedwa, koma ayesetsa.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Titatuluka, Esinati anati dokotalayo ndi mwana, za kwathu sazidziwa, ndipo makina a chipatala sangaone mdulo. Musamuweruze mkazi wanga. Anali mayi amene mwana wake akumira. Panali chinthu chimodzi chokha chimene akanatha kuchita ndi mphamvu zake, ndicho kutchinga mwana kwa ine. Anachichita ndi mtima wonse. Inenso ndinkaopa. Ndikanamugwira, mwana n'kudwalika mawa lake, Esinati akanakhala moyo wake wonse akukhulupirira kuti ndinamupha ndine.

Choncho malo anga anali pabenchi, pakhomo la wodi ya ana. Ndinkatumidwa kukatenga mankhwala. Ndinkamasulira zimene anamwino anena. Pa nthawi yoona odwala ndinkaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo, ngati mwana wa sukulu pamaso pa ahedi.

Kuseri kwa chipatala, pansi pa mitengo, n'kumene odikirira odwala tinkaphikira. Kumeneko ndinadziwana ndi Mayi Mutinta a ku Monze, amene anali ndi mwana wamwamuna mu wodi yomweyo, ndi aMwansa, mphunzitsi wopuma wa ku Mufulira, amene ankadikirira mdzukulu. Zilankhulo zathu zinali zosiyana, koma mavuto anali amodzi. Wina ufa wamuthera. Wina alibe pogona. Wina wauzidwa kuti abwererenso mwezi wamawa, ndipo sadziwa kuti adzabwera bwanji. Wina wasiya munda wosapalira. Tinayamba kusonkha zimene tinali nazo n'kuphika pamodzi. Tinalibe dzina, tinalibe wapampando. Tinali ndi mbaula imodzi. AMwansa ankakonda kunena kuti zimenezi siziyenera kuthera pansi pa mitengo. Ine ndinkangomva. Mtima wanga unali pakhomo la wodi.

Mankhwala a matendawa ndi owawa, abale. Tsitsi la Tamala linathothoka. Ankasanza. Mitsempha ya m'manja inabisala, moti singano ankaibaya kangapo asanaipeze. Masana ena akumubaya, anatambasula dzanja linalo kuloza kwa ine. Anati, atate, ndigwireni. Ndinaima pomwepo. Manja kumbuyo. Atamaliza anamwino, anandiyang'ana. Sanalire. Anafunsa ndi mawu aang'ono:

“Atate, kodi ndikununkha?”

Abale ndi alongo, pamenepo ndiye panali pansi penipeni.

Ndinatuluka. Ndinapita kuseri kwa thanki ya madzi, dzuwa likuswa mtengo. Ndinagwada pamiyala. Tsiku limenelo sindinapemphe kuti achire. Ndinali nditapempha kale zimenezo kosawerengeka. Ndinati, Ambuye, ngati mumutenga, mutengeni. Koma asapite akuganiza kuti atate ake ananyansidwa naye. Chimenechi chokha. Chimenechi chokha, Ambuye.

Yankho linabwera pa basi ya ku Chipata, litavala chipewa cha mlaza.

ALazaro anafika nthawi yopalira. Munthu amene sanapitirirepo Katete. Anabwera ndi zinthu ziwiri: mizu yatsopano m'kathumba, ndi cholinga choti ndiulule mkazi wachiwiri uja. Anati zikakanika atenga mwana, asafere m'manja mwa alendo. Sanandipatse moni wa dzanja.

Analowa mu wodi. Anaona Tamala. Kenako anayamba kuyang'ana mabedi enawo. Mukudziwa munthu wa kumudzi sadutsa wodwala osamupatsa moni. Anayenda bedi ndi bedi, chipewa m'manja. Anaona mwana wa Mayi Mutinta, wotupa nkhope chimodzimodzi. Anaona mdzukulu wa aMwansa, mawanga omwewo m'miyendo. Anandifunsa motsitsa mawu kuti kodi kwa Atonga ndi kwa Abemba kulinso mdulo. Ndinati sindikudziwa.

Pakona panali kamnyamata kotchedwa Petulo. Womudikirira anali sisitere wachikulire, wovala zoyera. Pamene aLazaro ankafika, kamwanako kanali ndi kamfuno, sisitere akukapukuta. ALazaro anapereka moni, n'kufunsa monga timafunsira kwathu kuti atate ake a mwanayu ali kuti. Sisitere anati atate ake anamwalira iye asanabadwe, amayi ake anamwalira pomubereka, ndipo wakulira m'nyumba ya masisitere kuyambira ali wakhanda. Sanadyepo m'mbale ya munthu wina.

ALazaro anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatuluka, anakhala pabenchi yanga ija. Ndinakhala nawo. Anthu ankadutsa. Potsiriza anati, “Alamu, ndayesa kufuna munthu woti ndimuloze chala pa mwana uja. Ndasowa. Atsala ndi masisitere okha, ndipo amenewo ine sindingayerekeze.”

Sekani, abale, musaope. Inenso ndinaseka, koyamba m'miyezi yonseyo.

Kenako aLazaro anatembenuka. Anati, “Mkazi wa ku Chipata uja, alipo?”

Ndinati kulibe.

“Nanga munanameranji?”

Ndinati, munanena kuti ndikaulula mudzamanga ng'ombe.

Anaphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa aakulu aja ankagwedezeka. Sindinawasokoneze.

Atadzuka anapita kukafunsa namwino ngati pali chimene munthu ngati iwo angachite. Namwino anati ana a mu wodi imeneyi amadalira magazi a anthu ena, ndipo nthawi zambiri amaperewera. Mukudziwa zimene timanena kumudzi za magazi, kuti amakagulitsa kwa oipa. ALazaro ankazikhulupirira zimenezo. Koma anapinda malaya. Munthu wogwetsa ng'ombe ndi manja, ataona singano anatseka maso n'kuyamba kuitana amayi awo. Anapereka.

Atamaliza, thonje lili pamkono, analowanso mu wodi. Anaima pafupi ndi mlongo wawo. Anati, “Esinati, ndinaika lamulo ndine, ndikulichotsa ndine. Munthu uyu tinamulakwira. Anadzipaka matope kuti mwana wako afike kuno.”

Esinati anayang'ana alongo ake. Anayang'ana kamnyamata ka sisitere kaja, kamene iye yemwe anali atakhala akuthandiza kukasambitsa. Kenako anayang'ana ine. Sanapepese ndi mawu, ndipo sindinafune kuti atero. Ananyamuka pa kampando kamene ankakhalapo pamutu pa bedi masabata onsewo. Anakapukuta ndi nsonga ya chitenje. Anati, “Khalani apa, bambo a Tamala.”

Ndinakhala.  ALazaro anagwira dzanja langa, monga umagwirira dzanja la mwana pomuphunzitsa khasu, n'kuliika pamutu pa Tamala. Mutu wopanda tsitsi, wotentha. Mwana anatsegula maso. Anagwira dzanjalo, analitembenuza, anasisita chikhatho. Anati, “Manja anu asalala, atate. Mwasiya kulima?”

Ndinamunyamula. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Ndinamuuza kuti sakununkha, sananunkhepo, atate ake ndiwo anali ndi nkhani ya akuluakulu ndipo yatha. Anati chabwino. Anatseka maso ngati mmene ankachitira pakhonde paja.

Ambuye ndi wabwino, abale.

Ndikanakonda kukuuzani kuti anachira. Sanachire. Mulungu anatipatsa masabata ena. M'masabata amenewo ndinamudyetsa ndine. Pomubaya singano ndinamugwira ndine. Ndinkamunyamula kupita naye pawindo kuti aone magalimoto a mu Lusaka, iye akuwapatsa maina a ng'ombe. Nthawi imene chimanga chachiwisi chinayamba kupezeka, mmawa wina dzuwa litatuluka bwino, anapuma komaliza ali pamiyendo panga, amayi ake atagwira mapazi.

Tinabwera naye kumudzi. ALazaro anali atatsogola kale. Tinapeza munda wathu wopaliridwa, wobandiridwa, mtedza uli bwino. Anali ataitana dima. Anaphikitsa thobwa, anaitana a gule ndi a mpingo omwe, anati mkamwini wanga ali pankhondo, munda wake usagone. Pa tsiku lometa anaimirira pamaso pa mudzi wonse, n'kunena zimene anaona ku Lusaka, bedi ndi bedi. Anati amene adzanenenso kuti aMbewe anadula mwana adzayankha kwa iwo. Ena anang'ung'udza, koma palibe anatsutsa.

Ku mpingo ndinapita kukafotokoza. Akulu anakhala pansi, anakambirana. Anandichotsera chilango cha chigololo, n'kundipatsa china chachifupi cha bodza. Ndinachilandira ndi manja awiri.

Chaka chotsatira tinamva kuti kwa Zingalume kuli mwana wotupa nkhope, wotuluka kamfuno, ndipo atate ake awakhazika kale pabwalo. ALazaro sanadikire kuitanidwa. Anatenga njinga, anati, aSekondale, tiyeni. Titafika anandiuza kuti ine ndikhale chete, Chingerezi changa chiwononga nkhani. Anakhala pansi ndi malume a mwanayo, mwini mbumba ndi mwini mbumba mnzake. Anawauza kuti mankhwala a makolo angathe kudikira, koma basi sidikira. Anawalonjeza kuti munda wa banjalo tidzalima ife. Mawu amene anthuwo sakanawamva kwa ine kapena kwa namwino, anawamva kwa munthu wa gule. Mwana ameneyo anafika ku Lusaka nthawi ikadalipo. Anavutika zaka, koma lero ndi mayi wa ana, amagulitsa tomato pamsika wa paboma pano.

Kuyambira pamenepo, banja likapita ku Lusaka ndi mwana wa matenda amenewa, ife tinkaitana dima. Sitinkadziwa kuti tikuyamba chinthu. Tinkangopalira.

AMwansa sanatileke. Ankaimba foni. Mdzukulu wawo anachira, mwana wa Mayi Mutinta anamwalira. Tinamva kuti Mayi Mutinta nawonso akuyenda m'midzi ya kwawo, akusonkhanitsa amayi kuti azithandiza ulendo wa odwala. AMwansa ankayenda m'maofesi. Patapita zaka zingapo anatiitana tonse ku Lusaka. Tinakumana pansi pa mitengo yomwe ija. Dokotala wachitsikana uja anabwera, tsopano ali ndi imvi zingapo. Anati ana ambiri akufika mochedwa, ndipo pali zambiri za matendawa mwa anthu athu zimene palibe anazifufuza. Tinagwirizana kuti dima ya ku Zemba, gulu la amayi a ku Monze, miyendo ya aMwansa ndi nzeru za madokotala zikhale chinthu chimodzi. Anakalembetsa ku boma. Ndilo bungwe limene mukuliona lero. Lafika m'zigawo zambiri za dziko lino. Limathandiza ulendo wa odwala, limasunga nyumba yogonamo odikirira, limaitana anthu kupereka magazi, ndipo gawo lina la zimene anthu amapereka limapita kwa madokotala ofufuza za matendawa. Ku Lusaka kuli ofesi, kuli anthu ophunzira kwambiri amene sindiwadziwa n'komwe. Ndimakondwera nazo. Koma ndikafikako ndimapita kaye kuseri, pansi pa mitengo.

ALazaro anatisiya zaka zapitazi. Sanalowe mpingo. Za iwo ndi Mlengi wawo sindiweruza. Ndingodziwa kuti pamene ndinagwada kuseri kwa thanki, Mulungu sanatume mngelo, sanatume m'busa. Anatuma munthu yemwe anamanga mfundo kuti adzaimasule. Ndimawasowa. Masiku ano ndikalima mzere wokhota palibe amene amandifunsa.

Moyo wanga tsopano ndi uwu. Ndikulimabe mtedza ndi chimanga ku Zemba. Thonje ndinasiya. Anyamata aja anakula, wina anakwatira kwa Zingalume, kubweza ngongole ya chikamwini. Esinati ndi ine tikukalamba pamodzi, ndipo iye ndiye amalankhula ndi amayi m'midzi, pakuti amadziwa mantha awo kuposa ine. Ntchito yanga m'bungwe ndi yaing'ono. Banja likauzidwa kuti lipite ku Lusaka, ndimakwera nalo basi, ndimalionetsa makomo.

Ndili ndi pempho limodzi. Mwana akatopa mosadziwika bwino, akayera zikhatho, akatuluka mawanga akuda, kamfuno akakana kuleka, musakhazike munthu pabwalo. Thamangani naye kuchipatala. Milandu mudzakamba pobwera. Ndipo amene muli ndi mphamvu, tenti ili panja. Singano yake inaliritsa aLazaro, koma sanafe nayo.

Ndikuthokoza abusa pondipatsa nthawi. Ndikuthokoza mkazi wanga. Ndikuthokoza inu nonse amene munagwirapo khasu m'munda wa munthu amene simunali naye pa ubale.

Ndipo ndikuthokoza Mulungu. Sanandipatse zonse zimene ndinapempha. Tamala sanakule, sindinamuperekeze ku sekondale, sindidzanyamula ana ake. Koma pemphero lija la pamiyala analiyankha lonse. Mwana wanga sanapite ndi funso. Anapita ali m'manja mwa atate ake, ndipo ankadziwa kuti ndi manja a ndani.

Ambuye alemekezeke. Amen.